Galimoto ili ndi mayina awiri, koma loona ndi lobisika lija

Tsiku lina Lamulungu, ndili ku Joni kumene ndinapita kukapikula katundu, alamu anga amene amagwira ntchito yowongola galimoto zochita ngozi kumeneko anandidzutsa kusanache bwino. Ati tiyeni mukaone kumene amuna anzanu amasonkhana. Ine ndinavala jekete ndi tayi poyesa kuti ndi kutchalitchi. Tinakatulukira pabwalo loimikapo galimoto kuseri kwa masitolo ena kummwera kwa Johannesburg, pomwe panali galimoto zoposa 30 zitandandalikidwa pamzere, maboneti onse ali yasa ngati ng'ona zikuothera dzuwa m'mbali mwa Shire.

Ndinayandikira bambo wina wachikulire, wa imvi mbuu, amene ankapukuta injini ndi kansalu ngati akusambitsa khanda. Pofuna kuyamba macheza ndinati, "Bambo, BMW yanuyi ndi yokongola." Anandiyang'ana momwe mphunzitsi amayang'anira mwana wolephera samu yophweka. "BMW ndi zambiri, mwana wanga," anatero. "Iyi ndi E30."

Ndinaizungulira galimoto ija kawiri konse kufunafuna pamene palembedwa E30, koma ayi ndithu, pabuti panali 325iS basi. M'mawa wonse umenewo anthu ankayankhula m'manambala. Uyu akuti NA, uyo akuti AE86, winayo akulumbira kuti chipangireni 993 dziko silinapangenso galimoto. Ine ndinali ngati mlendo pamilandu ya eni mudzi, kungomwetulira pomwe ena aseka.

Tsono lero ndafuna ndikambe nanu za manambala amenewa, inu anzanga a geni ndi inu ophunzira, chifukwa umbuli wanga pa nkhaniyi unadyetsa banja lathu ndalama, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Nkhani yake ndi yakuti galimoto iliyonse ili ndi mayina awiri. Lina ndi lolembedwa monyezimira pabuti, lomwe a zamalonda amasankha kuti likope wogula. Lina ndi limene mainjiniya amaipatsa ikadali papepala, ndipo limakhomedwa pobisika, m'boneti kapena pamphuthu ya chitseko. Zili ngati ife anthu. M'tauni mnyamata angathe kudzitcha dzina lililonse lomveka bwino, koma tsiku la chinkhoswe akuluakulu safunsa zimenezo. Amafunsa mfunda wake, mudzi wake ndi mwini mbumba wake. Nambala yobisika ija ndiwo mfunda wa galimoto.

Tiyambe ndi E30 ya achikulire aja. Chilembo E chikuimira mawu a Chijeremani akuti Entwicklung, kutanthauza ntchito yokonza chinthu chatsopano, ndipo 30 ndi nambala ya ntchitoyo m'kaundula wa fakitale. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1982. Dzina la pabuti nalo lili ndi tanthauzo lake. Mu 325i, 3 akuimira gulu la galimotoyo, 25 akuimira injini ya malita 2.5, pomwe i akunena kuti petulo amachita kupoperedwa mu injini. Pamenepa munthu anganene kuti dzina la pabuti ndi lokwanira. Komatu si choncho.

Galimoto yaukali kwambiri pa ma E30 onse, yotchedwa M3, inkapangidwa ya chiwongolero cha kumanzere chokha, choncho sinkagulitsidwa ku South Africa komwe amayenda mbali ya msewu ngati yathu. Anthu a pafakitale ya Rosslyn pafupi ndi Pretoria, yomwe mu 1973 inakhala fakitale yoyamba ya BMW kunja kwa Germany, sanapinde manja. Mu 1985 anatenga chinjini cha malita 3.2 cha galimoto yaikulu n'kuchipanikiza m'kathupi ka E30, natulutsa 333i. Malo m'boneti anachepa mwakuti wogula ankayenera kusankha chimodzi, makina oziziritsa m'kati kapena makina opeputsa chiwongolero, poti zonse ziwiri sizikadakwanamo. Anapanga zongopitirira pang'ono 200. Mu 1990 anatulutsanso 325iS yokapikisana nayo pamabwalo a mjaha, yomwe ndi mfumu ya ma E30 amene m'makomboni a ku Joni amawatcha Gusheshe. Nayi tsono nkhani: ngakhale pabuti pake palembedwa 25, injini yake ndi ya malita 2.7. Dzina lanama, ngakhale lanama mokomera wogula.

Masiku ano bodza lake linatembenuka. BMW 330i ya mtundu wa G20, umene unatuluka mu 2018, mukaiwerenga mwachikale muyesa kuti ili ndi malita 3, chonsecho injini yake ndi ya malita 2. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake anthu a m'makalabu a galimoto sakhulupirira za pabuti.

Dzina la pabuti limasintha ngakhale pa zifukwa zosakhudza injini n'komwe. Mu 1963 kampani ya Porsche inaonetsa galimoto yatsopano pachionetsero cha ku Frankfurt, dzina lake 901. A Peugeot a ku France anadandaula kuti mayina a manambala atatu okhala ndi ziro pakati ndi awo. A Porsche, atapanga kale galimoto 82, anangochotsa ziro uja n'kuikapo 1, ndipo mu 1964 kunabadwa dzina la 911 lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero. Taganizani, dzina limodzi kwa zaka zoposa 60, pomwe galimotoyo yasinthidwa kambirimbiri. Ndiye mukauza munthu wa kalabu kuti muli ndi 911 simunamuuze kanthu. Afunsa kuti iti: 964, 993, 996 kapena 997? Ndipo musayese kuti manambalawa amakwera mwa ndondomeko ngati makalasi a kusukulu, chifukwa itatha 997 kunabwera 991 mu 2011, kenako 992 mu 2018.

Pakati pa 993 ndi 996 ndi pomwe pali malire a mipingo. Kufikira pa 993, yomwe inaleka kupangidwa mu 1998, injini ya 911 inkazizira ndi mphepo. Kuyambira pa 996, yomwe inatuluka mu 1997, inayamba kuzizira ndi madzi monga galimoto zina zonse. Alipo eni ake amene mpaka pano amaona ngati kumeneko kunali kugwa m'chikhulupiriro, ndipo pamsika 993 kawirikawiri imadula kuposa 996 ngakhale ili yakale. Bambo amene ankalumbira uja anali wa mpingo wa mphepo.

A Mazda nawo anachita zawo. Kagalimoto kawo ka anthu awiri kopanda denga, kamene kanaonetsedwa ku Chicago mu 1989, kanali ndi mayina atatu nthawi imodzi: Miata ku America, Eunos Roadster ku Japan ndi MX-5 ku Ulaya. Mwini wake wa ku London ndi mnzake wa ku Hiroshima akadatha kukangana tsiku lonse poyesa kuti ali ndi galimoto zosiyana. Chimene chimawagwirizanitsa ndi zilembo ziwiri. NA ndi ya 1989, NB ya 1998, NC ya 2005 ndipo ND ya 2015. Pofika mu 2016 anali atapanga timagalimototi tokwana 1 miliyoni. NA ndi ija nyali zake zimatuluka m'boneti ngati maso a nkhanu, ndipo eni ake akakumana pamsewu amapatsana moni potukula nyalizo, ngakhale sadziwana.

Koma chitsanzo chimene chinandigwira mtima ndi cha Toyota, poti ndiyo galimoto yathu ya tsiku ndi tsiku. Kuyambira 1983 mpaka 1987 ku Japan ankapanga galimoto zotchedwa Corolla Levin ndi Sprinter Trueno. Zina mwa izo zinali AE85, zina AE86. Kunja n'zofanana ngati mapasa, mayina a pabuti ndi omwewo, koma AE85 ili ndi injini wamba ya malita 1.5 pomwe AE86 ili ndi injini yaliwiro ya malita 1.6 yotchedwa 4A-GE. Anyamata a ku Japan anaikonda AE86 mwakuti anasiya kutchula dzina lake lenileni n'kumangoti Hachi-Roku, ndiye kuti 8 ndi 6 m'chinenero chawo. Mapeto ake mu 2012 a Toyota anatulutsa galimoto yatsopano yamasewera n'kuitcha 86. Mfunda unasanduka dzina la pabuti, eni fakitale atagonjera anthu a m'makalabu.

Nanga makalabu amenewa amatani kwenikweni? Ine poyamba ndinkayesa kuti ndi malo oonetserana chuma ndi kuphulitsa injini. Zimenezo zilipo, sindikana. Koma nditakhala pansi ndi achikulire aja, kapu ya tiyi ili m'manja, ndinaona kuti kayendetsedwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka magulu athu a chipereganyu. Ali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Amasonkha ndalama pachaka. Amakumana kamodzi pamwezi, nthawi zina n'kuyenda ulendo mondondozana kukadya nkhomaliro kutali, nthawi zina n'kubwereka bwalo la mjaha kuti wofuna kuthamanga akathamangire kumeneko osati pamsewu wa anthu. Mnzawo akamwalira amaperekeza maliro ndi mdipiti wa galimoto. Mwambo wa makalabuwu ndi wakale ndithu. MG Car Club ya ku England inayamba mu 1930, kalabu yoyamba ya eni Porsche inayamba ku Germany mu 1952, ndipo ya ku America mu 1955.

Chuma chenicheni cha kalabu ija sichinali galimoto zonyezimirazo ayi. Chinali buku lachikuto cholimba limene mlembi wawo anandionetsa. M'menemo munali nambala ya chasisi ya galimoto ya membala aliyense, nambala ya injini, mtundu wa penti imene inatuluka nayo kufakitale, ndi manja amene yadutsamo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Zilembo zonyezimira za pabuti zimagulitsidwa pamsika, ndipo munthu wochenjera angathe kumata 325iS pa E30 wamba n'kuitchula mtengo wa nyumba. Alamu anga, amene ntchito yawo ndi yomata ndi kupenta, anaseka n'kunena kuti kusintha dzina la galimoto ndi ntchito ya mphindi 10. Koma nambala ya chasisi, mlembi akaiyerekeza ndi za m'buku lake, wabodza amagwidwa tiyi asanazizire.

Chinanso ndi masipeya. Galimoto ya zaka 35 sungangolowa m'sitolo n'kuipezera chilichonse. Ndiye pabwalo paja wina amabwera ndi nyali m'katoni, wina ndi giyabokosi kubuti, wina alibe katundu koma akudziwa makaniko wa ku Benoni amene amaitha injini imeneyo. Mnyamata wina wa zaka ngati 20, wophunzira pakoleji, analibe galimoto n'komwe, koma ankadziwa pamtima kuti sipeya iti ya mtundu uwu imalowa pa mtundu uwo, ndipo madoda a ndalama zawo ankamufunsa nzeru mwaulemu. Mutu umodzi susenza denga.

Sindikufuna kuwayeretsa anthu amenewa ngati angelo. Alipo amene amagula matayala atsopano ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Alipo amene akachoka pamsonkhano amasandutsa msewu bwalo la mjaha, ndipo wofa amakhala woyenda pansi amene sanalowe nawo kalabu. Nawo masewera ozungulitsa Gusheshe malo amodzi mpaka matayala kufuka utsi anayambira ku Soweto m'zaka za m'ma 1980, ndipo ankachitika kwambiri pamaliro a zigawenga. Koma onani chimene kusonkhana mwa dongosolo kunachita. Mu 2014 masewerawo anavomerezedwa ku South Africa kukhala masewera a galimoto ovomerezeka, ndipo lero amachitikira m'mabwalo otchingidwa, anthu akulipira pakhomo, atsikana nawo akupikisana.

Apa ndikudziwa kuti wina wayamba kale kung'ung'udza. Ati nanga ife zikutikhudza chiyani, anthu okwera minibasi ndi kabaza? Porsche tidzaiona kuti? Zimenezi si nkhani za anthu okhuta? Funso lake ndi labwino, ndipo inenso ndinadzifunsa lomwelo ndili pabwalo paja. Yankho linandipeza nditafika kumudzi.

Pa ulendo womwewo msuweni wanga, amene amayendetsa takisi mu Limbe, anandituma mashoko ndi mabering'i a kumbuyo. Ndalama zake anachita kukongola kubanki m'khonde ya akazi ake. Pakapepala anangolemba kuti Corolla ya 2003. Ine ndinalowa m'sitolo ina ku Joni Lachisanu, n'kunena zomwezo, wogulitsa n'kundipatsa katundu, ine n'kulipira. Lamulungu lake ndinamva ulaliki wonse uja wa manambala, koma m'mutu mwanga simunabwere zoti ukukhudzanso katoni imene inali pansi pa bedi langa. Ndinayenda nayo masiku awiri pabasi, kudzera Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, ndikuisamala ngati mazira.

Makaniko atakweza galimoto pajeke anangogwira pakamwa. Palibe chimene chinkalowa. Anatsegula boneti, napukuta kachitsulo kokhomedwa m'katimo ndi chala, n'kutiwerengera: NZE124. Ambirife timadziwa NZE121, Corolla imene imakoka ndi matayala a kutsogolo okha. Koma NZE124 imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo kunsi kwake cha kumbuyo kunapangidwa mosiyana. Kunja n'zofanana, pabuti dzina ndi lomwelo, chaka ndi chomwecho. Wogulitsa uja sanatibere, anatipatsa chimene tinapempha. Olakwa tinali ife. Takisi inakhala pamiyala masabata atatu, ngongole ikubereka chiwongoladzanja, ndipo kunyumba kwa msuweni wangayo ndinayamba kulandiridwa ndi moni wa pakhomo. Safunsa anadya phula.

Kusiyana kwa AE85 ndi AE86 kumene anyamata a ku Japan amakangana n'komweko kwa NZE121 ndi NZE124 kumene kunatigwetsa ife. Ndipo kawerengedwe kake si kovuta. Pa Toyota, zilembo zoyamba zimanena banja la injini, chilembo chotsatira chimanena mtundu wa galimoto, ndipo manambala amanena mbadwo ndi kapangidwe. Mu AE86, A ndi injini ya banja la A, E ndi Corolla, 8 ndi mbadwo wa E80, pomwe 6 akusiyanitsa iyo ndi abale ake. Mu NZE121, NZ ndi banja la injini, E ndi Corolla yomweyo, 12 ndi mbadwo wa E120 umene unayamba mu 2000. Mukaona ZZE122 dziwani kuti ndi thupi lomwelo koma injini ya malita 1.8, ndipo CE121 ndi ya dizilo. Ma AE100 ndi AE110 amene tinkawaona pa siteji iliyonse amawerengedwa chimodzimodzi. Mwana wa Fomu 2 angaphunzire zimenezi madzulo amodzi.

Pali chinanso choti a geni adziwe. Galimoto zopangidwira misika ya ku Ulaya, America ndi South Africa zimakhala ndi nambala yaitali ya zilembo ndi manambala 17, dongosolo limene linakhazikika mu 1981. M'menemo simupezeka zilembo I, O ndi Q, kuopa kusokoneza ndi 1 ndi ziro, ndiye mukaziona pamapepala dziwani kuti wina walakwitsa kapena wachita dala. Chiyambi chake chimanena dziko: J ndi Japan, W ndi Germany, AA mpaka AH ndi South Africa. Koma galimoto zopangidwira msika wa m'dziko la Japan momwemo, zomwe ndizo zambiri mwa zimene timaitanitsa kudzera pa Dar es Salaam n'kulowa nazo pa Songwe, zilibe nambala yaitaliyi. Zili ndi mfunda uja, kamzere, kenako nambala ya galimotoyo payokha. Imeneyo ndiyo muyenera kuiyerekeza ndi ya pamapepala musanatulutse tambala.

Nambala yomweyo imauzanso mtengo. Ku America kuli lamulo lakuti galimoto imene sinapangidwire msika wawo ingalowe mosavuta pokhapokha itakwanitsa zaka 25. Nissan Skyline GT-R ya R32 inayamba kupangidwa mu 1989, ndiye chitseko chake chinatseguka mu 2014. Ya R34 inayamba mu 1999, chitseko chake n'kutseguka mu 2024. Nthawi zonse ziwiri mitengo inakwera ku Japan komweko, ndipo amene anapindula ndi aja ankadziwa mfunda ndi mwezi wopangidwira, nagula msanga. Wosadziwa ankangoona Nissan yakale. Ndani akudziwa kuti ndi zingati zotere zimene zinaphwasulidwa n'kugulitsidwa pa kilo m'mayiko athu ano?

Tsono pempho langa ndi ili. Inu a matakisi, a maminibasi ndi a malole ang'onoang'ono, muli kale ndi magulu anu pa siteji, ndipo mumasonkha za maliro ndi za matenda. Onjezanipo buku limodzi. Lembanimo mfunda wa galimoto ya membala aliyense, injini yake, sipeya imene inalowa ndi imene inakana, makaniko amene anaikonza bwino ndi amene anaiwononga. Anthu 20 okhala ndi galimoto za mfunda umodzi akaitanitsa katundu pamodzi, mtengo umatsika ndipo wolakwitsa amakhala ndi womugulitsa. Kalabu siyamba ndi Porsche, imayamba ndi buku ndi cholembera.

Inu ogulitsa masipeya mu Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kasitomala akati "ya Corolla" musathamangire kushelefu. Mutumeni akatsegule boneti. Mutaya mphindi zisanu, koma mupeza kasitomala wa zaka 10. Ndipo inu ophunzira amene mumasilira galimoto za m'mafilimu, kumbukirani mnyamata wa pakoleji uja. M'thumba mwake munalibe kiyi, koma madoda ankamuitana ndi ulemu. Nzeru imeneyo ndi mpamba, ndipo salipira msonkho pachipata.

Potsanzikana tsiku lija, achikulire aja anandifunsa kuti kwathu ndimayendera chiyani. Ndinayankha monyadira kuti m'banja mwathu muli Corolla. Anafunsa kuti, "Iti?" Ine ndinaseka poyesa nthabwala. Ndikadapita kukaimba foni nthawi yomweyo, katoni ija ndikadaibweza Lolemba m'mawa.

Masiku ano ndikamapita ku Joni ndimayenda ndi kabuku m'thumba la malaya. Wachibale akabwera ndi ndalama kuti alamu mundigulireko sipeya, sindizilandira msanga. Ndimayamba ndamufunsa kuti galimoto yakeyo mfunda wake ndani.